Anapaka penti nkhope ya Ambuye pa matabwa anga

Sabata ino ndinapereka zigawo khumi zosema za Njira ya Mtanda ku parishi ina yomwe inandipatsa ntchitoyi chaka chatha. Zinayi zotsalazo sindinaziyambe n'komwe, matabwa palibe. Anzanga osema mukudziwa mmene m'bawa wasowera. Mlombwa nawo ukaupeza umakhala wauwisi, ndipo ukamauma umang'ambika pakati penipeni pa nkhope yomwe waikhalira milungu iwiri. Lolemba ndinakhalira sandipepa ndi polishi. Lachiwiri tinakweza zigawozo pagalimoto n'kukazisiya m'kachipinda ka kuseri kwa guwa.

Lachinayi m'mawa ndinabwerera kuti ndikazikhome pakhoma. Nditangotsegula chitseko, fungo la penti linandimenya m'mphuno. Zigawo zitatu anazitsamiritsa pawindo kuti ziume. Nkhope ya Ambuye Yesu, manja awo ndi mapazi, zonse anazipaka penti wa gilosi, wa mtundu wa kirimu uja timapaka m'mafelemu a zitseko. Pa chigawo chachinayi, pomwe Ambuye akumana ndi Amayi awo, anapaka onse awiri. Miyendo inandizizira, ndinangokhala pansi pa simenti.

Chigawo chimenechi ndi chomwe ndinachivutikira kuposa zonse. Amayi Maria ndinawasema atamanga chitenje m'chiuno, duku kumutu, dzanja limodzi lili patsaya, mmene amayi athu amakhalira pakhonde pa nyumba ya siwa. Makwinya a pansi pa maso ndinawasema ndi kachizulo kakang'ono kwambiri, masiku atatu athunthu. Penti anali atadzaza makwinya onsewo, nkhope yangoti see ngati ya chidole cha m'sitolo.

Amene analamula anali wapampando wa komiti ya zomangamanga. Nditawafunsa anandiyankha mosabisa: "Amisiri, ntchito mwaigwira bwino, koma Yesuyu wada kwambiri. Akhristu anena kuti talowetsa zinyau m'tchalitchi." Kenako anandilozera chithunzi cha Chifundo cha Mulungu chomwe chili pambali pa guwa, amvekere Yesu amaoneka chonchi.

Chithunzi chimenecho inenso ndimagwada pamaso pake, ndipo sindichinyoza. Koma nacho chinatuluka m'manja mwa munthu. Choyamba cha mtunduwo chinajambulidwa ku Vilnius, mzinda wa ku Ulaya, mu 1934, ndipo wojambulayo anapatsa Ambuye nkhope yonga ya anthu a kwawo, monga ndachitira ine. Ndinawauza a tcheya kuti ku Ethiopia, komwe Chikhristu chinafika zaka zoposa 1,600 zapitazo, amajambula Ambuye ndi oyera mtima m'kajambulidwe kawokawo, maso akuluakulu aja. Ku mishoni ya Cyrene, kufupi ndi Bulawayo ku Zimbabwe, ana asukulu anadzaza makoma a tchalitchi ndi anthu a m'Baibulo a nkhope zakuda kale m'zaka za m'ma 1940. Ndipo sitikufunika kupita kutali: ku Mua, komwe Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe otchedwa KuNgoni mu 1976, amisiri akhala akusema Yesu wa nkhope yathu kwa zaka zonsezi, ndipo ntchito zawo zinakafika mpaka m'tchalitchi cha bungwe la Chikatolika la Missio ku Munich. Ajeremani akupemphera pamaso pa zosema za ku Dedza, ife kuno tikuzibisa ndi penti.

Mawu oti zinyau aja ndi omwe anandilasa. Ndinakulira m'mudzi wa gule, ndipo ndimadziwa kusiyana kwa chigoba cha kudambwe ndi nkhope ya munthu wosenza mtanda. Chomwe a tcheya anaona n'chakuti khungu ndi lakuda, tsitsi ndi lopotana, basi nkhani yathera pomwepo.

Chinanso chimene chikundiwawa n'chakuti zojambula zonse khumi ndi zinayi ndinazionetsa kukomiti ndisanagwire sompho. Anazivomera. Koma palibe analemba kalikonse m'buku, mamembala ena anasintha pa chisankho, ndipo atsopanowo sanauzidwe. Komiti yomweyo inagula ziboliboli ziwiri zapulasitiki zochokera kunja, ndalama n'kulipira tsiku lomwelo, pomwe ine theka la ndalama zanga ndikulidikirabe. Bambo mfumu anali kumasiteshoni a kumudzi sabata yonse. Atabwera Lachisanu anaima nthawi yaitali akuyang'ana chigawo chachinayi, kenako anati, "Achimwene, kodi zingatheke kuchotsa?" Ndinati ndiyesa, Bambo.

Lachisanu lonse ndi Loweruka ndinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi, ndili ndi tinala, nsanza ndi phale la botolo. M'bawa umamwa. Pamwamba penti amachoka, koma m'timizere ta tsitsi ndi m'makona a maso amalowa mpaka m'kati, moti umachita kutokosa ndi singano. Zigawo ziwiri zabwerera mwakale. Pa Amayi Maria ndinakakamizika kupala mozama, ndipo makwinya a pansi pa diso lamanzere apita nawo; ndikasemanso, tsaya liphwa. Amayi a m'limana omwe anabwera kudzakolopa m'tchalitchi anandibweretsera thobwa, mmodzi n'kukhala pambali panga akundigwirira thabwa kuti lisasunthe.

Lenti yayandikira, ndipo pakhoma pakadali mipata isanu. Lolemba ndilawirira kwa munthu wina amene akuti ali ndi m'bawa wouma wa mtengo womwe unagwa ndi mphepo. Chigawo chachinayi ndabwera nacho kunyumba, chili pa benchi, ndachifunditsa chitenje cha akazi anga.