Lipoti la ulendo wa ku Chennai ndi Madurai: usiku umene tinaona nyimbo zikugula mankhwala

Abale ndi alongo a m'gulu lathu la ogwira ntchito za maso, za m'fiyeta ndi za m'mawodi anzathu alemba kale lipoti lawo. Ine ndinapempha kuti ndilembe za chinthu chimene sichinali n'komwe pa ndondomeko ya ulendo, koma n'chimene chakhala chikundizungulira m'mutu chibwerereni.

Tinanyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu pakati pa Disembala 2023 tili anthu 8: anamwino asanu, oyeza maso awiri, ndi amayi otitsogolera amene atha zaka zambiri akugwira ntchito m'fiyeta. Tinadzera ku Addis Ababa. Tinapeza mzinda wa Chennai, ku India, ukupukuta matope, chifukwa namondwe wotchedwa Michaung anali atamiza madera ambiri kumayambiriro kwa mwezi womwewo. Madzi anali ataphwa, koma m'mbali mwa misewu ina munali matiresi ndi mipando yofufuma imene anthu anataya. Ife amene tinaona zimene Freddy anachita kwathu m'Malichi chaka chomwecho tinangokhala chete m'basimo.

Masiku oyamba tinkayendera Sankara Nethralaya, chipatala cha maso cha ku Nungambakkam chimene Dr. S. S. Badrinath anayambitsa mu 1978. Bambowa anali atangomwalira mu Novembala, ndipo ogwira ntchito ankawatchulabe ngati ali m'chipinda chapafupi. Chipatalachi si cha phindu. Amene angathe amalipira, osauka amachitidwa opaleshoni ya ng'ala ulere. Pa nthawi ya tiyi amayi otitsogolera anafunsa funso limene tonse tinali nalo: kodi ndalama zophimba dzenje lonseli zimachokera kuti? Namwino wachikulire amene ankatiperekeza anatchula olipira, anatchula akufuna kwabwino, kenaka anati, "Komanso oimba." Tinayang'anana. Iwo anaseka n'kutiuza kuti Loweruka madzulo tisapangane ndi wina aliyense.

Tinafika m'nyengo yake. Kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale, mwezi umene Atamil amautcha Margazhi, mzinda wonse umakhala pa nyimbo zachikale za kum'mwera kwa India, zotchedwa Carnatic. Mabungwe a okonda nyimbo, amene amawatcha sabha, amakonza zoimbaimba kuyambira m'mawa mpaka usiku, tsiku ndi tsiku. Lodziwika kwambiri ndi Music Academy, limene linakhazikitsidwa mu 1928. Ife anatitengera ku holo yocheperapo ku Mylapore, kufupi ndi kachisi wa Kapaleeshwarar, kumene makomo a nyumba anali atajambulidwa maluwa a ufa wa mpunga pansi. Tikiti inali ya marupi 500, ndipo ndalama za pakhomo usiku umenewo zinkapita ku thumba logulira mankhwala ana odwala khansa. Tisanalowe tinadya dosa, chikondamoyo chopyapyala cha kumeneko, pa tsamba la nthochi ndi kumwa khofi wamkaka m'timakapu tachitsulo, chifukwa kumeneko kantini ndi mbali ya mwambo.

Pa nsanja panalibe mipando. Anthu asanu anakhala pansi pa mkeka, opanda nsapato, miyendo atapinda. Woimba anali mayi wa zaka za pakati, maluwa oyera ali m'tsitsi. Kumbuyo kwake mtsikana ankakhwacha tambura, choimbira cha zingwe zinayi chimene sichiimba nyimbo ayi, chimangolira mosalekeza ngati njuchi za mumng'oma kuti woimba asasochere pa liwu lake. Mbali ina kunali wa vayolini, amene anaigwira mozondotsa, mutu wa vayoliniyo atautsamiritsa pa kakolo. Mbali inayo kunali woimba mridangam, ng'oma yogoneka yomenya mbali zonse ziwiri. Ndinamuona akumata kaphala konyowa pa chikopa cha kumanzere kuti ilire mobangula, ndipo ndinakumbukira amalume anga akumata phula pa ng'oma ya chimtali. Wachisanu anafukata mtsuko wadothi pamimba. Mtsuko weniweni, abale, wonga wotungira madzi. Dzina lake ndi ghatam.

Ndinene zoona, theka la ola loyamba ndinasowa pogwira. Mawu anali a Chitelugu, Chisanskrit ndi Chitamil, ndipo khutu langa linkadikira makwaya anayi amene tinazolowera, soprano mpaka besi, koma kumeneko kulibe zimenezo. Liwu ndi limodzi, limangokhotakhota n'kumanjenjemera pakati pa manoti. Amene anandipulumutsa ndi agogo ena aamuna amene ndinakhala nawo moyandikana. Anaona kuti ndikuyang'ana dzanja lawo likumenya pantchafu, ndiye anagwira langa n'kundiphunzitsa: menya kamodzi, werenga zala zitatu kuyambira chaching'ono, menya n'kutembenuza chikhatho, menyanso n'kutembenuza. Zonse pamodzi ndi 8, kenaka umayambiranso. Anati imeneyi ndi adi tala. Nditakweza maso ndinaona kuti holo yonse ikuchita chimodzimodzi, manja mazanamazana akukwera ndi kutsika pamodzi. Kuyambira pamenepo nyimbo inatseguka. Ndinayamba kuona woimba akuchoka pa njira dala, n'kuyendayenda kutali, mtima wanga uli m'mwamba kuti sabwerera, kenaka n'kudzagwera ndendende pa kumenya koyamba. Agogo aja ankafuula kuti "Sabhash!", kumene ndi kuyamikira kwawo.

Iwo omwewo anandiuza kuti nyimbo yaikulu ya usikuwo inapekedwa ndi Tyagaraja, amene anabadwa mu 1767 n'kumwalira mu 1847. Iye pamodzi ndi Muthuswami Dikshitar ndi Syama Sastri, onse obadwira m'tauni imodzi ya Tiruvarur, ndiwo mizati ya nyimbo zimenezi. Isanayambe nyimboyo, mayi uja anatha mphindi zambiri akuimba popanda mawu ndiponso popanda ng'oma, akungoonetsa maonekedwe a raga, ndiye kuti gulu la manoti ndi kayendedwe kake kamene nyimboyo yamangidwapo. Wa vayolini ankamuyankha. Itatha nyimbo, a ng'oma ndi a mtsuko anatsala awiri n'kumaponyerana, uyu amenye uyo abweze, zigawo zikufupikirafupikira mpaka anakumana pamodzi. Mnzathu wina woyeza maso, amene amaimba ng'oma ku tchalitchi kwawo, anaimirira osadziwa kuti waimirira.

Chimene ndalembera lipotili chinachitika zitangotha zimenezo. Panakwera bambo wina wovala nsalu yoyera, mlembi wa okonza mwambowo, ali ndi pepala limodzi. Sanabweretse mwana wodwala pa nsanja. Sanaonetse zithunzi za zotupa. Anawerenga ndalama zimene zinatoleredwa chaka chatha, zimene zinagulidwa, chiwerengero cha ana amene anathandizidwa, ndi zimene zinatsala. Ananena kuti holo yalipiridwa ndi munthu wina payekha, kuti woimba sanalandire kanthu, ndi kuti mapepala a wowerengetsera ndalama ali pa tebulo pakhomo, aliyense atenge. Sanathe mphindi zisanu. Anatsika, nyimbo zinapitirira mpaka pa mangalam, kanyimbo kotsekera kofunira onse mafuno abwino. Potuluka anthu ankaima pa tebulo lija kulemba macheke ndi kutumiza ndalama pa foni, wina aliyense n'kulandira lisiti.

Zinandikhudza chifukwa ine ndinakhalapo m'komiti ya zoimbaimba zopezera ndalama wodi ina kwathu kuno. Anthu anadzaza, anavina, anafupa. Titachotsa za holo, zokuzira mawu, mafuta a galimoto ndi chakudya cha alendo olemekezeka, zotsala sizinakwane ngakhale mabokosi ochepa a magolovesi. Palibe amene anaba. Koma palibenso amene anabwerera kwa anthu aja kukawauza mmene zinathera, ndipo chaka chotsatira titawaitananso sanabwere. Sindiwaimba mlandu.

Pobwerera, namwino wotiperekeza uja anatiuza kuti mwambowu uli ndi mayi wake, M. S. Subbulakshmi. Anabadwira ku Madurai mu 1916, anaimba ku United Nations mu 1966, analandira mphoto ya Ramon Magsaysay mu 1974, ndipo mu 1998 anakhala woimba woyamba kupatsidwa Bharat Ratna, ulemu waukulu koposa wa dziko la India. Pa moyo wake anaimba maulendo oposa 200 ndalama zake zonse n'kupita ku ntchito zachifundo, ndipo chipatala cha maso chimene tinkayenderachi ndi chimodzi mwa zimene zinapindula. Anamwalira mu 2004. Woimba wamng'ono wa lero akapemphedwa kuimbira odwala amadziwa kuti wamkulu woposa onse ankachita zomwezo, ndiye kukana n'kovuta. Mawa lake tinadutsa pa Cancer Institute ku Adyar, chipatala chimene Dr. Muthulakshmi Reddy anayambitsa mu 1954 ndi mabedi 12 okha, ndipo chinakula ndi zopereka za anthu.

Pali chimodzi chimene sichinandikhalire bwino, ndipo ndichinene. M'holomo munadzaza anthu achikulire, ophunzira, opeza bwino. Anthu onga amene tinkawaona pa mizere ya opaleshoni yaulere munalibe. Nditafunsa, anandiuza kuti nkhaniyi eni ake amakangana nayo, chifukwa nyimbozi kwa nthawi yaitali zakhala m'manja mwa mabanja a magulu apamwamba. Woimba wina wotchuka, T. M. Krishna, wakhala akudzudzula zimenezi poyera, mpaka anatengera zoimbaimba ku mudzi wa asodzi m'mphepete mwa nyanja ku Chennai komweko. Apa ife tili ndi mwayi umene iwo alibe. Kwathu woimba kwaya ndi wodwala ng'ala amakhala pa benchi imodzi Lamulungu.

Sabata yachiwiri tinakwera sitima ya Vaigai Express kuchokera pa siteshoni ya Egmore kupita ku Madurai, ulendo wa maola oposa 7, kukaona chipatala cha maso cha Aravind chimene Dr. Govindappa Venkataswamy anayamba mu 1976 ndi mabedi 11. Fakitale yawo ya Aurolab, imene inatsegulidwa mu 1992, imapanga timagalasi toika m'diso pa mtengo wotsika. Zambiri za kumeneko zili mu lipoti la anzathu. M'sitimamo nkhani inali ya Loweruka lija basi. Wina anati kwathu anthu alibe ndalama zotero. Amayi otitsogolera anamuyankha kuti, "Mwanawe, unayamba wawerengapo zimene zimagwa pa pelekanipelekani wa ukwati umodzi? Nanga pa pepa sande?" Ndipo anatikumbutsa kuti opaleshoni ya ng'ala ndi yosavuta kufotokozera munthu wopereka: gogo amene ankatsogoleredwa ndi mdzukulu pa ndodo amabwerera kwawo akudziyendera, mdzukuluyo n'kubwerera ku sukulu.

Tisanatsike sitima tinagwirizana kubweretsa pempho ili kwa inu. Tikonze zoimbaimba kamodzi pa chaka, mwezi womwewo chaka chilichonse, ndi makwaya ndi magulu a magule a m'dera lathu. Holo ndi zokuzira mawu tipeze wotilipirira tisanagulitse tikiti ngakhale imodzi, ndipo ngati sapezeka tichitire pa bwalo. Pasakhale chakudya cha olemekezeka. Wodwala asakwezedwe pa nsanja. Ndalama zipite ku chinthu chimodzi chokha, timagalasi ndi mayendedwe a odwala ng'ala ochokera kumidzi, ndipo chaka chotsatira msungichuma aime pamaso pa anthu omwewo n'kuwerenga tambala iliyonse. Pepala la maakaunti la ku Mylapore lija ndinatenga limodzi pakhomo. Ndidzabwera nalo ku msonkhano wathu ukubwerawu kuti a komiti ya zachuma adzaone mmene analilembera.