Timagalimoto ta Spider ta ku Italy: poyang'ana musanagule, ndi zomwe zimatiwonongera m'kabati

Kagalimoto kachitsanzo kokhala ndi denga kamabisa zambiri. Wopanga akachita ulesi pa mipando kapena pa dashibodi, denga limamuphimbira. Koma Ferrari 250 GT California, Alfa Romeo Duetto ndi Lancia Aurelia B24, magalimoto opanda denga aja otchedwa Spider, alibe pobisa. Chiwongolero, mamita, ndodo ya giya, kapeti, ngakhale misoko ya mpando, zonse zili pambalambanda. Ndipo mbali zimene zimaonetsa luso la wopanga ndi zomwezonso zimene zimayamba kuthyoka, kumatuka ndi kudzaza fumbi.

Sikelo, kutanthauza kuti kagalimoto kachepetsedwa kangati poyerekeza ndi galimoto yeniyeni (1:18 ndi kuchepetsa ka 18), ndi nkhani yachidule. Duetto yeniyeni ya 1966 ndi yotalika mamita 4.25. Pa 1:18 imabwera masentimita 23.6, pa 1:24 masentimita 17.7, ndipo pa 1:43 siyifika masentimita 10. Kwa Spider, 1:18 ndi imene imapindulitsa ndalama zanu, chifukwa zam'kati zimaoneka ndi maso osafuna galasi lokuzira zinthu. Amene malo ndi ochepa koma akufuna mitundu yambiri apite ku 1:43, kumene makampani a ku Italy monga Brumm, Bang, Best Model ndi Art Model anapanga pafupifupi chilichonse.

Musanakhulupirire zolembedwa pa bokosi, tengani rula. California ilipo ya mitundu iwiri. Yoyamba, yotchedwa LWB, inayamba mu 1957 ndipo inapangidwa pafupifupi 50 yokha. Mtunda wochokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo ndi mamilimita 2,600. Yachiwiri, SWB, inabwera mu 1960 ndipo mtundawo anaufupikitsa kufika pa 2,400. Mukagawa ndi 18 mupeza mamilimita 144 ndi 133. Pa 1:43 ndi 60.5 ndi 56. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena ziwiri si mlandu, koma wogulitsa akalemba LWB rula n'kunena 133, mwina sakudziwa chomwe akugulitsa kapena bokosilo si lake. Musaweruzire pa nyali zakutsogolo: pa mitundu yonse iwiri panali ena ovindikira nyali ndi galasi, ena osavindikira.

Aurelia B24 imasokoneza anthu kwambiri. Spider America ya 1955, imene inapangidwa 240 yokha, ili ndi galasi lakutsogolo lokhota mpaka m'mbali, bampala yogawika pawiri, ndipo zitseko zake zilibe magalasi okweza ndi kutsitsa. Kuyambira 1956 Lancia inatulutsa ina yofanana nayo thupi koma ya galasi lowongokerapo, timagalasi tating'ono ta m'mbali, ndi bampala imodzi yathunthu. Kagalimoto kolembedwa Spider America koma kali ndi bampala yathunthu n'kosakaniza magalimoto awiri. Chiwongolero chikakhala kumanja monga magalimoto athu kuno, si cholakwa ayi: mwa 240 aja, 59 anali otero, ndipo 181 otsalawo, otchedwa B24S, ndiwo anali a kumanzere.

Pa Alfa Romeo yang'anani kumbuyo. Kuyambira 1966 mpaka 1969 kumbuyo kunali kozungulira ndi kotsetsereka, ndipo mu 1970 anakudula kukhala kwa chiimire. Pa Fiat 124 Sport Spider, imene Tom Tjaarda anajambula ali ku Pininfarina, kampani ya ku Italy yokonza maonekedwe a magalimoto, yang'anani boneti ndi bampala: zoyambirira za 1966 zili ndi boneti yosalala ndi bampala yopyapyala yonyezimira, pamene za kumapeto kwa m'ma 1970, zopita ku America, zili ndi timitumbira tiwiri pa boneti ndi mabampala onenepa.

Tsopano pa felemu ya galasi lakutsogolo, pamene pagona nkhani yonse. Pa galimoto yeniyeni felemu imeneyi ndi kachitsulo kopyapyala. Tiyerekeze kuti n'kokhuthala mamilimita 25. Pa 1:18 kayenera kukhala pafupifupi milimita imodzi ndi theka. Pulasitiki yopyapyala choncho imathyoka mufakitale momwemo, n'chifukwa chake pa timagalimoto totchipa amainenepetsa kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo kagalimoto konse kamaoneka ngati chidole ngakhale penti atakhala wabwino chotani. Opanga apamwamba amagwiritsa ntchito chitsulo chopyapyala chodulidwa ndi asidi, chimene chimaoneka bwino koma chimapindika mukangochikhudza ndi chala. Muziyang'ana felemuyo kuchokera kutsogolo, diso lili pa msinkhu wa boneti: mizati yonse iwiri ipendekeke mofanana, galasi likhale m'malo mwake popanda mpata, ndipo m'makona musaoneke zoyera ngati nthunzi, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti wina anamatapo kale ndi supagulu.

Mawilo ndi mboni yachiwiri. Ferrari ndi Maserati za nthawi imeneyo zinkayenda pa mawilo a masipoko a Borrani, a ku Milan. Pa timagalimoto, masipokowa amapangidwa m'njira zitatu. Yotchipa ndi kuumba wilo lonse ndi pulasitiki n'kulipaka zonyezimira; masipoko amakhala ochepa ndi onenepa. Yapakati ndi kusanjikiza timapepala ta chitsulo todulidwa ndi asidi. Patali n'tokongola, koma pafupi masipoko ake ndi afulati. Yodula ndi imene kampani ya CMC imachita pa California SWB yake ya 1:18, kuluka waya umodziumodzi ndi manja. Kunena chilungamo, mawilo a gulu lapakati okhala mowongoka amaposa olukidwa amene akupendekera. Gubuduzani kagalimotoko pang'ono pa tebulo muone ngati wilo lililonse likugunda pansi, ndipo werengani timanati ta mapiko ta pakati pa mawilo, chifukwa timakonda kusowa ndipo kupeza tina n'kovuta.

Za opanga, zochepa izi n'zokwanira. Bburago inayamba mu 1974 ku Burago di Molgora, pafupi ndi Milan, ndipo lero ili m'manja mwa eni ake a Maisto, kampani inanso yopanga timagalimoto. Aurelia B24 yake ya 1:18 ndi poyambira pabwino kwa amene sakufuna kuwononga ndalama zambiri. AUTOart inapanga Duetto, Giulietta Spider ndi Fiat 124 zaukhondo kwambiri. Chilolezo cha kampani ya Mattel chopangira timagalimoto ta Ferrari chinatha mu 2014, ndipo kuyambira pamenepo California yake ya Hot Wheels Elite sikupangidwanso, muipeza kwa amene akugulitsa yake basi. BBR ndi Tecnomodel amapanga zambiri ndi rezini, mtundu wa pulasitiki wothiridwa m'chikombole uli wamadzimadzi n'kuuma.

Chitsulo kapena rezini? Timagalimoto tachitsulo timaumbidwa ndi zamak, msakanizo wa zinki ndi aluminiyamu pafupifupi 4 peresenti, kuphatikizapo maginiziyamu ndi kopa pang'ono. N'tolemera, ndipo zitseko, boneti ndi buti zimatseguka. Ta rezini sititseguka, injini simuiona, koma mizere ya thupi imakhala yakuthwa ndipo mipata ya zitseko siioneka ikuluikulu. Pa Spider kusatseguka kwa zitseko si chitayiko chachikulu, poti zam'kati zikuoneka kale.

Chilichonse chili ndi nthenda yake. Ya zamak ndi kuola kwa zinki. Zinki ikasakanikirana ndi mtovu, tini kapena kadimiyamu, ngakhale pang'ono zedi, pa nthawi yosungunula, pakapita zaka chitsulocho chimafufuma kuchokera m'kati, kuchita ming'alu, kenako n'kunyenyeka. Chinyezi chopitirira 65 peresenti chimafulumizitsa zimenezi. Zizindikiro zoyamba ndi chitseko chimene kale chinkatseka bwino koma tsopano chikukana, boneti yotukuka mbali imodzi, ndi timing'alu tonga ukonde wa kangaude pansi pa penti. Mankhwala ake palibe. Si matenda opatsirana, choncho palibe chifukwa chokachotsera m'kabati, koma musagule kotero ngakhale mtengo atatsitsa bwanji. Muzisiyanitsa ndi timatuza ta penti, timene timabwera chifukwa chitsulo sichinatsukidwe bwino asanapente: timatuzato timanyansitsa koma thupi limakhala lolimba ndipo zitseko zimatsekabe.

Nthenda ya rezini ndi kutentha. M'chipinda cha malata opanda siling'i mwezi wa October, kapena pawindo lolowa dzuwa, rezini imafewa pang'onopang'ono, thupi n'kuyamba kupindika. Galasi lake nthawi zambiri ndi kapepala kopyapyala ka pulasitiki kokhotetsedwa ndi kumatidwa. Guluu akafooka, kamafuna kuwongokanso ndipo kona imodzi imadzuka. Dzuwa lomwelo limasulutsa penti wofiira ndi kusandutsa woyera kukhala wachikasu.

Pali vuto lina limene ambiri amalizindikira mochedwa. Matayala ambiri si a labala weniweni koma a pulasitiki yotchedwa PVC yothira mafuta oifewetsa. Mafutawo amatuluka pang'onopang'ono n'kusungunula pulasitiki imene akhudzana nayo, kaya ndi limu kapena thabwa la pulasitiki limene kagalimoto kamangidwapo. Mukaona matayala akunyezimira ngati anyowa kapena akumata, ndi zimenezo. Masulani timabawuti ta pansi, ikani kapepala kolimba kopanda utoto pansi pa tayala lililonse, kapena tsamiritsani kagalimotoko pa kathabwa koikidwa pansi pa mimba yake kuti matayala azingokhudza pang'ono. Kathabwako kamathandizanso kuti timagalimoto tolemera tisaphwatalale matayala. Malamba a pulasitiki, tepi ndi siponji yakale ya m'bokosi musazisiye zitagunda penti kwa zaka, zimasiya zipsera zosachoka. Denga la pulasitiki lochotseka nalonso limadinda penti wa kumbuyo kwa mipando likakhalitsa pamenepo.

Fumbi ndiye mdani wa tsiku ndi tsiku, chifukwa m'kati mwa Spider muli ngati kambale kolitchera. Kapeti yake ndi ubweya wopopera pa guluu, ndipo fumbi likalowamo silituluka lonse. Choncho kabati ikhale yotseka, kapena kagalimoto kalikonse kakhale m'kabokosi kake koonekera. Poyeretsa yambani ndi kapopa ka labala kamene ojambula zithunzi amapemerera malenzi, kenako bulashi yofewa ya zodzoladzola, yatsopano, kusesa kuchokera pa dashibodi kupita kumbuyo. Nsalu ayi: imakola mawaipa, timagalasi ta m'mbali ndi zilembo zachitsulo za pa buti. Zidindo za zala zichotseni ndi kathonje ka m'khutu konyowetsa ndi madzi othira dontho limodzi la sopo wotsukira mbale, n'kupukuta ndi kena kouma. Sipiriti, thina ndi mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo zimafufuta zizindikiro zosindikizidwa ndi kuchititsa khungu magalasi. Ponyamula, gwirani m'munsi mwa zitseko ndi manja awiri, osati pa felemu kapena pa bampala.

Galasi likamatuka, musathamangire supagulu. Nthunzi yake imakhala pa pulasitiki yoonekera n'kusiya zoyera zimene sizichoka. Palani guluu wakale ndi kamtengo kotokosera m'mano, yesani kuika galasilo louma kaye kuti muone mmene likhalira, kenako donthezani guluu woyera wa matabwa uja, PVA, pa timiyendo take kapena m'mphepete mwa m'munsi. Timadontho titatu kapena tinayi, kalikonse kosaposa mutu wa singano ya mutu, n'tokwanira. Wosefukira mupukuteni nthawi yomweyo ndi kathonje konyowa. Tsamiritsani galasilo ndi kasiponji kumbuyo kwake, lisiyeni maola 24. Guluu ameneyu akauma amaonekera ngati madzi, ndipo mukalakwitsa mutha kumumatula n'kuyambiranso. Bampala kapena paipi ya utsi, zomwe zimafuna mphamvu, zimateni ndi guluu wolimba wa epokisi wosakaniza pawiri.

M'kabati chinyezi chikhale pakati pa 40 ndi 55 peresenti. Kamita koyezera chinyezi n'kotchipa, ndipo kwa okhala kunyanja kapena kumene chiperoni chimakhalitsa n'kofunika kwambiri. Ikani timapaketi ta silica gel, timibulu toyamwa chinyezi, pa shelefu iliyonse. Tikakhuta madzi, khuthulirani timibuluto m'mbale yachitsulo n'kutiumitsa mu uvuni pa madigiri 110 kwa maola awiri. Magetsi a m'kabati akhale a LED, chifukwa mababu akale amatentha.

Pogula pa intaneti pemphani zithunzi zojambulidwa masana: kutsogolo, pansi, m'kati moyang'ana kuchokera pamwamba, ndi zitseko zili chotseka. Funsani ngati tizipangizo tapadera tilipo, monga denga, chovindikira cha denga lopinda ndi satifiketi ya nambala yake, komanso ngati bokosi ndi lake lenileni, poti kagalimoto kopanda bokosi kamatsika mtengo. Powerengera ndalama kumbukirani kuti msonkho wa kasitomu amauwerengera pa mtengo pamodzi ndi ndalama yotumizira. Wogulitsa amange timabawuti ta pansi molimba, asaike chilichonse chopanikiza felemu, ndipo bokosilo alilowetse m'katoni ina yokhala ndi zofewa zosachepera masentimita 5 mbali zonse. Ngati akukunyamulirani ndi m'bale wochokera ku Johannesburg kapena ku London, kakhale m'chikwama cha m'manja. Katunduyo akafika, mutsegulireni pa tebulo loyalapo nsalu yoyera, ndipo musataye zokutira musanazikutumule bwinobwino, chifukwa kawaipa, kagalasi ka m'mbali kapena kanati ka wilo kamene kagwa panjira kamakhala kali momwemo.