Batire inatifera kumanda ku Charleston

Mayi a kunyumba anakana kutsika m'galimoto. Akuti kwathu ku Dedza munthu salowa kumanda popanda chilolezo cha amfumu, ndiye iwo angoyamba bwanji kupondaponda mitumbira ya eni ake, dziko lachilendo la America, masana dzuwa likuswa mtengo? Ndinawalozera mzungu wina amene ankangoyenda pakati pa ziliza atanyamula kamera ngati ali kupaki. Anangoti, "Ameneyo ndi kwawo." Ndiye ndinawasiyira kiyi kuti azimvera wailesi, fani ikupemerera, injini nditazimitsa poopa kutha mafuta. Nzeru zanga zinathera pamenepo.

Tinanyamuka ku Charlotte m'mamawa, msewu wa I-77 mpaka Columbia, kenako I-26 kutsikira kunyanja. Ndi maola atatu ndi theka, ndipo palibe choti ndikuuzeni za msewuwo kupatula mitengo ya paini. Manda a Magnolia ali kumpoto kwa tauni ya Charleston, m'mphepete mwa dambo la mtsinje wa Cooper. Anatsegulidwa mu 1850, kulowa n'kwaulere, koma udzudzu wake ndi womwe umalipiritsa. Mitengo ikuluikulu yalendewera ndele zotuwa ngati ndevu za nkhalamba. Ndinkafuna manda a woweruza milandu wina, Julius Waties Waring, ndipo ndinazungulira pafupifupi ola lathunthu ndisanawapeze. Nditabwerera, kiyi kupotokola, galimoto inangoti kete kete. Ya otomatiki sakankha. Mayi a kunyumba anandiyang'ana mwa kuti "ndinanena ine".

Amene anatipulumutsa ndi bambo wina wachikulire, munthu wakuda, wa kapikapu kakale kodzaza makasu ndi makina otchetchera kapinga. Anaima osaitanidwa, n'kutulutsa mawaya olumikizira batire. Batire yathu inali itatheratu, ndiye anati tiisiye ikoke moto kwa mphindi zingapo. Podikirapo anandifunsa kuti ndili ndi m'bale wanji m'manda a azungu. Nditatchula dzina la Waring anavula chipewa, n'kupukuta thukuta pamphumi, n'kuti, "Mwana wanga, wachokera ku Africa kudzaona jaji wathu?" Ndinati ndachokera ku Charlotte chabe. Anaseka mpaka kutsamira boneti.

Mawu akuti "wathu" amenewo ndi amene ndakhala ndikuwalingalira. Waring anabadwira mu Charleston momwemo mu 1880, m'banja lakale la azungu, bambo ake anamenya nkhondo yapachiweniweni ya ku America kumbali ya Kummwera imene inkateteza ukapolo. Anali loya wa mzinda, mnzawo wa andale osankhana mitundu, munthu wa m'magulu a anthu apamwamba. Pulezidenti Franklin Roosevelt atamusankha kukhala woweruza wa khoti la boma lalikulu mu 1942, ali ndi zaka 61, palibe mzungu wa ku South Carolina amene anataya tulo. Kuno kuli makhoti a mitundu iwiri, a chigawo chilichonse ndi a boma lalikulu. Woweruza wa boma lalikulu amasankhidwa ndi pulezidenti, nyumba ya malamulo ya Senate n'kuvomereza, ndipo mpando ndi wake mpaka imfa kapena atatula yekha, pokhapokha nyumba ya malamulo itamuchotsa pa mlandu waukulu. Savoteredwa. Ukamuda, chimene ungachite n'kusiya kumupatsa moni.

Ndipo anamusiyadi. Poyamba chinali chifukwa cha banja: mu 1945 anasudzula mkazi wake wa zaka zoposa 30 n'kukwatira Elizabeth, mayi wa ku Detroit, wakumpoto. Kenaka inabwera nkhani ya Isaac Woodard. Uyu anali sajeni wakuda amene mu February 1946 ankabwerera kwawo pabasi kuchokera kunkhondo, yunifolomu ili m'thupi. Anakangana ndi dalaivala pa nkhani yopita kuchimbudzi, ndipo pa tauni ya Batesburg apolisi anamutsitsa n'kumumenya ndi ndodo m'maso mpaka khungu. Mlandu wa mkulu wa apolisiyo, Lynwood Shull, unagwera m'manja mwa Waring ku Columbia. Anthu othandiza kugamula mlandu, azungu okhaokha, sanathe ngakhale theka la ola, anamumasula, m'khoti anthu n'kuwomba m'manja. Elizabeth anatuluka akulira.

Munthu wa zaka 66 kwathu timati mtengo wauma, suwongoka. Uyu anayamba kuwerenga usiku ndi mkazi wake za tsankho limene anakuliramo osaliona. Anathetsa zokhazika akuda kwaokha m'khoti mwake. Mu 1947, pa mlandu wa George Elmore, anagamula kuti chipani cha Democratic sichingaletse akuda kuvota pa chisankho chake cha chipulula, ndipo nthawi imeneyo ku South Carolina wopambana chipulula ndiye anali wapambana kale zonse. Apa ndiye anaputa mavu. Pakhomo pake pa 61 Meeting Street anamuotchera mtanda pomuopseza, mu 1950 anaponya chibuma cha simenti pawindo, matelefoni otukwana osatha. Anzake a ubwana akamuona ankawolokera tsidya lina la msewu. Ine ndinakumbukira oweruza athu asanu aja a mu February 2020 akulowa m'khoti ku Lilongwe atavala zoteteza ku zipolopolo, koma iwo aja anali asanu, ndipo kunja anthu ankawaimbira nyimbo. Uyu anali yekha ndi mkazi wake.

Bambo wa kapikapu uja za milandu sanalankhule zambiri. Iye anakamba za maliro. Waring anapuma ntchito mu 1952 n'kusamukira ku New York, komwe anamwalira mu January 1968, thupi n'kubwera nalo kuno kwawo. Azungu amene anafika pamanda sanakwane ndi 12 omwe. Akuda anaposa 200, atandandalika magalimoto kuchokera m'tauni. Bamboyo anati anali kamnyamata nthawiyo, ndipo amayi ake anajomba kuntchito kwa mzungu tsiku limenelo, atavala chipewa chawo cha kutchalitchi. Mayi a kunyumba, amene nthawi yonseyi anali chete m'galimoto galasi lili pansi, anafunsa kuti, "Nanga abale ake? Anansi?" Nditawamasulira yankho anagwira pakamwa. Kwathu ngakhale munthu amene munalandana naye munda umapita kukakhala pasiwa, umasenza nawo bokosi. Mudzi wonse kukana maliro a munthu ndiye kuti wamutcha mfiti. Kenaka anatsegula chitseko n'kutsika, akuti akaone pamene anagona munthu ameneyu. Elizabeth naye anamwalira chaka chomwecho, ali pambali pake.

Madzulo ake tinapita pamphambano ya Broad ndi Meeting, pamene pali khoti lija. Lero nyumba ina ya khotilo ili ndi dzina lake, ndipo m'kadimba ka pambali muli chiboliboli chake chimene anaimika mu 2014. Zaka 46 munthu ali m'manda, ndiye mwati mumulemekeze. M'khoti limeneli mu 1951 loya wakuda Thurgood Marshall anaimira makolo akuda a ku Clarendon County pa mlandu wokana tsankho m'masukulu, amene nkhani yawo inayamba n'kupempha basi imodzi yokha ya ana awo oyenda mitunda wapansi. Harry Briggs, amene dzina lake lili pamlanduwo, anachotsedwa ntchito pamalo omwetsera mafuta. Mwa oweruza atatu, awiri anakana dandaulo la makolowo, Waring yekha analemba kuti kulekanitsa ana kusukulu pakokha ndi kusalingana. Patapita zaka zitatu, pa 17 May 1954, khoti lalikulu la dziko lonse linanena zomwezo pa mlandu wa Brown, umene unaphatikiza ndi wa Briggs.

Malangizo ochepa: m'tauni muno poimika galimoto ndi podula, ife tinasiya madola 18 pa maola ochepa. Amayi oluka madengu a udzu ali pamphambano pomwepo, ntchito yokongola ngati ya ku Mangochi, koma kadengu kongokwana m'manja anatiuza madola 70, tinangoyamikira n'kudutsa. Chakudya musadye kumene kwadzaza alendo. Funsani komwe akuphika mpunga wofiira ndi supu ya therere. Therere lenileni, lotanuka, kungoti amathira tomato ndi nyama m'malo mwa soda. Ndipo musapite mu July ngati ife.

Bambo uja anakana ndalama. Ndinayesa kumupatira madola 20 m'thumba la shati, anabweza dzanja langa. Injini italira, tisanatuluke pageti, mayi a kunyumba anatulutsa botolo la madzi n'kundiuza nditambasule manja, poti kumanda sachokako osasamba. Bamboyo anayang'ana, anafunsa chifukwa chake, ndinamufotokozera. Anaika chipewa pansi, naye n'kutambasula ake.