Ntchito yathu yokumanitsa aphunzitsi a sukulu zapulayiveti ku Salima

Mphunzitsi wa sukulu yaboma ali ndi pokumanira ndi anzake. Wa kupulayimale ali ndi zoni yake, TDC yake (malo omwe aphunzitsi a m'zoni amakumanira) ndi a PEA, alangizi a maphunziro omuyendera. Wa kusekondale ali ndi kilasita (gulu la sukulu zoyandikana), ndipo ngati ndi wa masamu kapena sayansi pali maphunziro a SMASSE, omwe adakhazikitsidwa mothandizidwa ndi JICA, bungwe la ku Japan. Mnzake wa kupulayiveti nthawi zambiri amakhala yekha. Pasukulu ya Fomu 1 mpaka 4 mphunzitsi wa masamu amatha kukhala mmodzi yemweyo, wopanda womufunsa mutu ukamuvuta, chonsecho ana ake adzalemba mayeso omwewo a MANEB pa silabasi yomweyo yochokera ku MIE ku Domasi. Ena mwa aphunzitsiwa ali ndi madipuloma a uphunzitsi, ena ali ndi madigiri a zina, ena adangokhoza bwino MSCE nkupatsidwa choko.

Bizinesi yathu idayambira pamenepa. Sitiitana katswiri kuchokera ku Lilongwe kudzalankhula tsiku lathunthu muholo. Timakumanitsa aphunzitsi a phunziro limodzi ochokera m'sukulu zoyandikana kuti azikonzera limodzi phunziro, azionerana m'kalasi, nkuuzana zomwe aona. Luso lili kale mwa aphunzitsiwo. Chomwe eni sukulu amatilipirira ndi dongosolo, kusunga chinsinsi, ndi munthu wolondoloza kuti zomwe agwirizana zachitikadi.

Gulu limodzi limakhala la sukulu zinayi kapena zisanu zomwe mphunzitsi angafikeko pa kabaza nkubwerera asanaphonye mapiriyodi opitirira awiri. Choncho za pa boma ndi Kamuzu Road zimakhala pazokha, za ku Senga Bay pazokha, za ku Chipoka pazokhanso. Pa phunziro lililonse timafuna anthu asanu ndi mmodzi mpaka asanu ndi atatu. Akapitirira apo, awiri okha ndiwo amalankhula, ena nkumangogwedeza mutu. Akachepera asanu, maliro amodzi m'mudzi amathetsa msonkhano wonse. A pulayimale sitiwasakaniza ndi a sekondale.

Pa teremu timazungulira kawiri, kuyambira sabata yachitatu kufika yachisanu ndi chinayi. Masabata awiri oyamba sukulu imakhala ili pa kalikiliki wa fizi ndi kulemba ana atsopano, pomwe kumapeto aliyense maso amakhala pa mayeso.

Mzungulire umodzi umayamba Loweruka m'mawa, maola awiri. Aliyense amabwera ndi makope khumi a ana ake: atatu a okhoza, anayi a apakati, atatu a ovutika. Sitifunsa sikimu kapena lesoni pulani, chifukwa zimenezo munthu atha kuzilemba mwaudongo usiku umodzi. Kope la mwana ndiye silinama. Makope aja amayalidwa patebulo ndipo gulu limafufuza cholakwa chimodzi chomwe chikubwerezedwa m'sukulu zingapo. Chimodzi chokha. Gulu lomwe lasankha "kukweza masamu a Fomu 1" limabalalika opanda chogwira.

Nachi chitsanzo chomwe chimapezeka pafupipafupi, ku Sitandade 7 ngakhalenso ku Fomu 1. Mwana amalemba kuti 1/2 kuphatikiza 1/3 yankho ndi 2/5. Waphatikiza zapamwamba pazokha, zapansi pazokha. Mphunzitsi amadula mzere wofiira, nkulemba 5/6 pambali, sabata yamawa mwana uja nkubwerezanso. Gulu likakhala pansi limaona kuti vuto silili pa njira yowerengera, koma kuti mwanayo sakuona kuti 2/5 ndi yochepa kuposa theka lomwe adayamba nalo. Ndiye amakonza phunziro lopinda timizere ta pepala tofanana kutalika, kena pawiri, kena patatu, kena pasanu ndi kamodzi, kuti ana ayale okha nkuona. Mapepala ake ndi akale omwe ali muofesi, monga imanenera njira ya TALULAR, yophunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Amagwirizananso funso limodzi loti ana ayankhe pakapepala kutatsala mphindi zisanu, m'malo mwa funso lija loti "Mwamva?" lomwe kalasi yonse imayankha "Yes sir" ngakhale sinamve kanthu.

Mkati mwa sabata mmodzi amaphunzitsa phunzirolo m'kalasi mwake, piriyodi imodzi ya mphindi 40 kusekondale. Oonerera amakhala awiri basi. Sakhala kumbuyo ngati oyendera sukulu. Amakhala m'mbali momwe angaone madesiki, ndipo aliyense amatsata ana atatu omwe adasankhidwa kale. Pepala lawo lili ndi mizere itatu: nthawi, zomwe mphunzitsi wanena kapena wachita, zomwe mwana wachita. Palibe malo a malikisi. Polemba timakana mawu ngati "phunziro linali labwino" kapena "ana sanatengeko mbali mokwanira". Timafuna zonga izi: pa mphindi ya 12 mwana wa desiki yachitatu wapinda pepala patatu koma zigawo sizikufanana, wafufuta, wakopera kwa mnzake.

Akatuluka amakhala pansi mphindi 30 tsiku lomwelo, asanaiwale. Woyamba kulankhula ndi mwini kalasi. Kenako oonerera amawerenga zomwe alemba, nkuyala timapepala ta mayankho tija m'milu itatu: okhoza, olakwa mwanjira yakale, olakwa mwanjira ina yatsopano. Mulu wachitatuwu ndiwo umaphunzitsa zambiri. Phunziro limakonzedwanso, ndipo sabata yotsatira wina amakaliphunzitsa pasukulu ina. Njirayi siyathu, aphunzitsi a ku Japan akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Ife tidangoyisoka kuti ikwane pa taimutebulo ya sukulu yomwe ilibe mphunzitsi wapadera wogwirizira kalasi.

Chimaononga ntchitoyi msanga ndi phunziro lachionetsero. Mphunzitsi akamva kuti kubwera alendo amaphunzitsiratu mutuwo dzulo lake, ana nkumayankha ngati nyimbo. Zimadziwika: manja amakwera funso lisanathe. Munthu sachita izi chifukwa cha ulesi, amachita chifukwa cha mantha, ndipo manthawo ali ndi maziko. Kupulayiveti ntchito imatha kutha ndi kalata imodzi. Nchifukwa chake pangano lomwe eni sukulu amasayina tisanayambe lili ndi mfundo yomwe sitisintha: zolembedwa m'kalasi ndi za mphunzitsi amene waphunzitsa, amapita nazo kwawo. Adayilekita amalandira lipoti la mutu womwe gulu lagwira ndi mmene ana ayankhira, lopanda dzina la mphunzitsi. Ena amafunsa kuti, "Nanga ndikulipiriranji ngati simundiuza wofooka?" Timawayankha kuti, "Bwana, tsiku lomwe tidzakuuzeni, palibe adzatsegulenso chitseko cha kalasi yake." Sukulu yokana mfundoyi sitiyilandira, ngakhale ndalama yake tikuifuna.

Vuto lachiwiri ndi kulandana aphunzitsi. Sukulu izi zimalimbirana ana omwewo, ndipo mwini sukulu amaopa kuti mphunzitsi wake wa Physics akadziwika kuti ndi katakwe, teremu yamawa adzamuona kwa mnzake. Sitingaletse munthu kufuna malipiro abwino, ndipo sitiyenera kutero. Chomwe eni sukulu amagwirizana nchakuti sanyengerera mphunzitsi wa sukulu ya m'gulu pakati pa chaka. Wofuna kuchoka azichoka chaka chikatha, atapereka notisi.

Nkhani ya alawansi timainena tsiku loyamba. Sitipereka alawansi yokhalira pamsonkhano. Timabweza thiransipoti yeniyeni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwelo, ndipo pamakhala tiyi ndi mandasi. Ena amasiya akamva zimenezi, koma otsalawo amabwera ndi makope.

Ahedi ndi achiwiri awo ali ndi gulu lawo, kamodzi pamwezi, chifukwa mhedi sangadandaule pamaso pa aphunzitsi ake. Mmodzi amabweretsa vuto lenileni, mwachitsanzo ana a Fomu 2 omwe akubwezedwa chifukwa cha fizi kutatsala masabata ochepa kuti alembe JCE, mayeso omwe adabwereranso mu 2021. Amalongosola mphindi zisanu. Anzake amafunsa mafunso okhaokha kwa mphindi khumi, malangizo ayi. Kenako iye amakhala chete, anzakewo nkumakambirana ngati palibe, iye akulemba. Pomaliza amatchula chinthu chimodzi chomwe akachite, ndipo mwezi wamawa msonkhano umayamba ndi kumufunsa. Lamulo la mafunso okhaokha ndi lovuta kwa anthu ozolowera kulamula, koma popanda ilo aliyense amangofotokoza za sukulu yake.

Mtengo wathu sitiuika m'makwacha okhazikika. Sukulu imalipira ndalama yofanana ndi fizi ya mwana mmodzi pa teremu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, njira imeneyi idathandiza kuti tisamakangane za mitengo. Fizi ikakwera yathu imakwera, ndipo sukulu yaing'ono imalipira zochepa. Gawo lalikulu limapita ku thiransipoti, lina ku fotokope ndi kwa wotsogolera gulu, amene amakhala mphunzitsi wa m'gulu momwemo ndipo amasinthidwa chaka chilichonse.

Nyengo nayo imatilamula. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kunyanja kuno kumafooketsa ana ikangokwana 11 koloko, ndiye kuonerera konse timakuika pa piriyodi yachiwiri kapena yachitatu. M'teremu yachiwiri mvula imadula njira zafumbi, choncho gulu lililonse limasungiratu sabata imodzi yopanda kanthu. Oonerera akalephera kuoloka, mwini kalasi amaphunzitsabe, nkujambula timapepala ta ana pafoni kutumiza pa WhatsApp ya gulu atapinda pomwe pali mayina, ndipo zokambirana zimadikira Loweruka.