Kupepukitsa galimoto ya mpikisano: chochotsa, chosiya, ndi zomwe zimasintha mukachotsa

Musanagwire sipanala, werengani malamulo a gulu lomwe mukufuna kukapikisanamo. Magulu ambiri ali ndi mulingo wa kulemera womwe galimoto siyenera kutsikirapo, ena amafuna kuti dashibodi ikhalemo ndithu. Zimawawa kudula chinthu lero, mawa oyendera magalimoto n'kukuuzani kuti muchibwezeretse. Mukatero, kwezani galimoto pa sikelo, tayala lililonse pa sikelo yakeyake, dalaivala ali pampando, petulo ali theka la thanki. Manambala anayiwo alembeni. Mudzawafuna kumapeto.

Zoyamba kutuluka n'zosavuta: mipando yakumbuyo, tayala la sipeya, jeke, kapeti, wailesi ndi masipika ake, mapulasitiki a m'mbali ndi nsalu ya kudenga. Mabawuti muziwaika m'timatumba, kalikonse kolembedwa komwe achokera.

Pansi pa kapeti mupeza phula lakuda lomatidwa pachitsulo, lomwe ntchito yake ndi kuchepetsa phokoso. Ambiri amaliwotcha ndi makina opemerera mpweya wotentha, koma likatentha limanyata, mumatha tsiku lonse mukupala. Dry ice, yemwe ndi mpweya wa carbon dioxide woumitsidwa ngati ayezi, ndiye amathandiza. Amazizira kufika madigiri 78 pansi pa ziro, choncho mukamuphwanya n'kumuyala pamwamba pa phulalo kwa mphindi 15 kapena 20, mumamva likuthetheka lokha. Menyani ndi hamala ya labala, limasweka zibenthuzibenthu ngati mbale yadothi, chitsulo n'kutsala choyera. Valani magolovesi okhuthala, ndipo zitseko zonse zikhale zotsegula, chifukwa akamasungunuka amasanduka mpweya wa carbon dioxide womwe umadzaza pansi pomwe mwaweramirapo.

Mukamaliza, tsekani bowo lililonse lomwe latsala pansi ndi pakhoma lolekanitsa injini ndi dalaivala. Kabowo kakang'ono ka bawuti kamalowetsa utsi wa ekizozi, ndipo carbon monoxide, mpweya wapoizoni wa mu utsiwo, sanunkha. Mumangoyamba kumva mutu, maganizo n'kumachedwa, muli pa liwiro. Moto ukabuka ku injini umadzeranso m'mabowo omwewo.

Pa airbag, thumba lofufuma pangozi, pasakhale phuma. Masulani waya wa negativi pa batire, dikirani mphindi 10 kuti mphamvu yotsalira ithe, kenako tsomolani pulagi yake, yomwe m'magalimoto ambiri imakhala yachikasu. Ponyamula, mbali yofufumira iloze kutali ndi thupi lanu, ndipo poika pansi iyang'ane kumwamba.

Eyakoni ichoke, koma gasi wake akoke wodziwa amene ali ndi makina ake, osangomasula paipi. Kompuresa ikachoka mufunika lamba wamfupi kapena pule yolowa m'malo mwake, apo ayi olitaneta sizungulira. Hita yokha ndimalangiza kuti muisiye. Silemera kwambiri, ndipo tsiku lamvula galasi lakutsogolo likachita nthunzi, ndiyo imakuonetsani njira.

Mawaya ndiwo agwetsa anthu ambiri. Munthu amaona mtolo wonenepa ngati dzanja, n'kuganiza kuti theka lake n'lopanda ntchito, amatenga pulayala. Mawa lake injini yakana kulira. M'magalimoto amakono makompyuta amalankhulana kudzera pa mawaya awiri opotana a CAN bus, ndipo immobiliser (choletsa injini kulira popanda kiyi wake), ABS (choletsa matayala kuleka kuzungulira poponda mabuleki) ndi mamita a pa dashibodi zimadalirana. Njira yabwino ndi iyi: tsomolani pulagi imodzi, lizani injini, onani ngati nyali yochenjeza yayaka, yendetsani pang'ono. Zikakhala bwino, tsatirani wayawo mpaka komwe wayambira n'kumusolola yense. Waya wodulidwa pakati n'kusiyidwa lende amadzakhudza chitsulo tsiku lina. Samalaninso mawaya a ethi omangidwa pa bodi, chifukwa bawuti imodzi imatha kugwira a zinthu zingapo, kuphatikizapo pampu ya petulo. Mukasamutsa batire kupita kumbuyo, limangidwe ndi zitsulo, ndipo fyuzi yaikulu ikhale pafupi penipeni ndi batirelo.

Mpando, malamba ndi roll cage (chigoba cha mapaipi achitsulo cha m'kati mwa galimoto) ndi chinthu chimodzi, musazigule mosiyanitsa. Lamba wamba amalola thupi kupendekera pambali denga likaphwanyika. Malamba a mpikisano amakugwirani chilili, ndiye galimoto ikagubuduzika popanda chitsulo chotchinjiriza denga, mutu ulibe kothawira. Nayo cage popanda helemeti ndi yoopsa, pakuti mutu umakagunda paipi. Malamulo a FIA, bungwe la dziko lonse loyang'anira mipikisano ya magalimoto, amafuna mapaipi opanda msoko, a mamilimita 45 m'mimba mwake ndi khoma la 2.5, kapena 50 ndi khoma la 2.0, pa chigoba chachikulu cha kumbuyo kwa dalaivala, ndipo phazi lililonse la cage likhale pa chitsulo chokhuthala mamilimita 3 chowotchereredwa ku bodi. Malamba a m'mapewa achoke pamapewa kupita kumbuyo mopingasa, kapena motsika osapitirira madigiri 20. Mukawamanga pansi kuseri kwa mpando, pangozi amakanikiza msana. Onaninso chizindikiro chosokedwa pa malambawo, chifukwa amakhala ndi chaka chothera ntchito. Zitsulo za m'kati mwa zitseko zisadulidwe pokhapokha cage itakhala ndi mapaipi a m'mbali. Magalasi a m'mbali mutha kuika a pulasitiki yolimba ya polycarbonate, koma lakutsogolo likhale lomwelo. Botolo lozimitsira moto limangidwe ndi zomangira zachitsulo pomwe dzanja lifika muli omangidwa.

Tsopano bwererani pa sikelo. Zambiri zomwe mwachotsa zinali kumbuyo, ndiye mupeza kuti kumbuyo kwanyamuka ndipo gawo lalikulu la kulemera latsamira kutsogolo. Izi zimasintha mmene matayala akhalira, choncho alayimenti ichitidwenso. Matayala akumbuyo akapepukidwa amafulumira kuleka kuzungulira n'kumatsetsereka mukaponda mabuleki mwamphamvu, galimoto n'kutembenuka polowa pakona. N'chifukwa chake kuchotsa ABS tsiku lomwelo n'kulakwitsa. Ngati muli ndi masipuling'i osinthika msinkhu, phatikizani kulemera kwa tayala lakutsogolo kumanja ndi lakumbuyo kumanzere. Sinthani msinkhu wa masipuling'iwo mpaka yankho liyandikire 50 peresenti ya kulemera konse, kuti galimoto ikhote mofanana mbali zonse ziwiri.

Mafuta a mabuleki asinthidwe musanapite. Mtundu wotchedwa DOT 4 ukakhala watsopano, mafuta ake sawira asanafike madigiri 230, koma akakhalitsa amayamwa chinyezi n'kumawira msanga, pedulo n'kumira mpaka pansi. Musawasakanize ndi DOT 5, yemwe ndi wa silicone. Petulo naye amalemera, lita imodzi pafupifupi magalamu 750, koma musachepetse mopitirira. Pakona yaitali amathawira mbali imodzi ya thanki, pampu n'kukoka mpweya, injini n'kutsamwa pomwe mukufuna mphamvu. Yambani ndi theka la thanki, muzitsitsa pang'onopang'ono mpaka mudziwe pomwe galimoto yanu imayambira kutsamwa.