Mmene ndinatsikira m'kandege

Ndinayamba ndi K500 pa mpira wa Loweruka. Anyamata ambiri kuntchito ankachita zomwezo, ndipo palibe amene ankati ndi juga. Tinkangoti kubetcha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro anga anayamba kutha mwezi usanafike pakati, ndiye m'mutu mwanga kubetcha kunasanduka ganyu yowonjezera. Mnzanga wina anandionetsa kandege, kaja kamakwera pafoni nambala ikukula, iwe n'kumadikira kuti utsike kasanathawe. Mpira umakupatsako mphindi 90 zoti uganize. Kandege ayi. Pakangopita masekondi ochepa kagwa, kena kanyamuka kale.

Tsiku limene ndinavomera kuti zinthu zaipa silinali tsiku loluza ndalama zambiri. Akazi anga anandipatsa K60,000 ya banki m'khonde kuti ndikawatumizire kwa msungichuma wa gulu lawo. Ndinaiika pafoni, ndipo ndisanafike pa depoti inali itatha. Ndinawauza kuti netiweki yavuta, ndalama yakakamira. Anandikhulupirira, n'kundipatsa madzi osamba. Kundikhulupirira kwawoko ndiko kunandisowetsa tulo.

Usiku womwewo ndinatenga kope la mwana lomwe linatsala masamba, n'kuyamba kulemba mauthenga onse a Airtel Money ndi Mpamba omwe anali m'foni: ndalama yopita kukampani yobetchera mbali ina, yobwera mbali inayo. Ngati pali chinthu chimodzi chomwe ndingapemphe munthu kuti ayambire, ndi chimenechi. Mutu wa wobetcha umasunga tsiku lowina lokha. Ine ndinkakumbukira bwino K180,000 yomwe ndinapata tsiku lina Lamlungu, mpaka malaya omwe ndinavala. Koma ma K2,000 ndi ma K5,000 a usiku uliwonse sankaoneka, kufikira atafola papepala. Pa miyezi isanu ndi inayi ndinali nditataya K1,370,000. Ndinawerengera kawiri, chifukwa poyamba ndinkati ndalakwitsa.

Masamu akenso ndinawamvetsa mochedwa. Opanga kandege amanena okha kuti masewerawo amabweza 97 peresenti ya ndalama zonse zoikidwa. Zimamveka ngati zabwino. Tanthauzo lake n'lakuti pa K100 iliyonse, K3 imatsalira iwo. Koma palibe amene amaika kamodzi n'kupita kukagona. K10,000 ukaizunguliza maulendo 30, waika K300,000, ndipo gawo lawo lafika K9,000. Pa mpira n'chimodzimodzi. Tikiti ya magemu khumi, ngakhale gemu iliyonse itakhala yoti mwayi ndi theka ndi theka, imatuluka kamodzi pa maulendo 1,024. Ine ndinkayenda n'kumauza anthu kuti timu imodzi yokha ndiyo yandiphera tikiti. Sindinkadziwa kuti kutsala pang'ono kuwinako ndiyo nyambo yeniyeni.

Kuuza akazi anga kunanditengera masiku anayi. Ndinadikira ana agone, ndinaika kope patebulo, n'kunena kuti, "Mayi, ndalama ya gulu ija sinakakamire. Ndinaibetcha. Ndipo si yokhayo." Anatsegula kopelo n'kuwerenga tsamba ndi tsamba osayankhula. Kenako anafunsa funso limodzi: "Bambo, khadi lanu la kubanki lili kuti?" Linali kwa munthu wa katapila, amene ankatapa yekha malipiro anga mwezi ukatha. Pamenepo m'pamene analira.

Ndikulemba izi kuti amene akukonzekera kuulula adziwe kuti kunena theka la zoona n'kungochedwetsa bala. Ndinalakalaka kubisa ngongole imodzi, ya mnzanga wa kutchalitchi, poganiza kuti ndiibweza mwakachetechete. Koma ngongole yobisika ndiyo imakubwezera kukabetcha, chifukwa umati ndikangowina kamodzi ndiitseka, palibe adziwe. Ndinaitchula nayonso.

M'mawa mwake tinayamba kutseka zipata. Ndinalembera kampani yomwe ndinkabetcherako kuti atseke akaunti yanga chifukwa ndili ndi vuto la juga, ndipo ndinagwiritsa ntchito mawu amenewo dala, kuti asaganize kuti ndangokwiya ndi tikiti. Ndinasunga chithunzi cha uthengawo. Makampani ovomerezeka m'dziko muno amayang'aniridwa ndi bungwe la MAGLA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2022, choncho kalata yotero ndi umboni ngati pangafunike kudandaula. Ndinali ndi maakaunti atatu, ndipo onse ndinawalembera tsiku lomwelo akazi anga akuona. Ndinatuluka m'magulu a WhatsApp ogawana magemu, ndinafufuta maapu, ndipo foni yaikulu ndinaisiya kunyumba n'kuyamba kuyenda ndi ya mabatani.

Koma ndinene zoona, kafoni ka mabatani pakokha sikateteza munthu, poti malo obetchera ali paliponse m'tauni ndipo foni ya mnzako ili pafupi. Chomwe chinagwira ntchito ndi ndalama kusakhala m'manja mwanga. Akazi anga anasintha nambala zachinsinsi za Airtel Money ndi Mpamba, ndipo ine sindizidziwa mpaka lero. M'mawa uliwonse amandipatsa ya minibasi ndi ya nkhomaliro. Kwa mwamuna wa zaka zanga zinali zowawa, sindikana. Anzanga ena anati ndadyetsedwa. Koma ndinali nditalumbira kambirimbiri kuti lero ndi lomaliza, n'kudzapezeka ndikuika ndalama 2 koloko usiku. Lumbiro linalephera. PIN sinalephere.

Za katapila tinapita ndi alamu anga, achimwene a akazi anga, chifukwa ndekha ndikanangovomera chilichonse ndi manyazi. Iwo ndiwo anayankhula: "Achimwene, munthuyu sakuthawa. Tiyeni tilembe zomwe anatenga, zomwe mwatapa kale, ndi zotsala." Tinagwirizana ndalama yokhazikika pamwezi, chiwongoladzanja chinaima, khadi linabwerera. Ya banki m'khonde ndiyo tinayamba kubweza, poti dzina lomwe linali pangozi pamenepo linali la akazi anga.

Kwa mlangizi wa zamaganizo ndinachedwa kupita. Ndinkati kumeneko n'kwa amisala ndi zidakwa. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Thandizo lotere limapezeka ku St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kumene amathandiza anthu a mavuto a maganizo ndi zizolowezi zovuta kusiya, ndipo m'zipatala zazikulu za boma mukhoza kufunsa namwino woona za matenda a maganizo. Mlangizi amene ndinakumana naye sanandilalikire. Anandifunsa ngati ndinkafuna kuika ndalama zochulukirachulukira kuti ndimve kukoma komwe ndinkamva poyamba, ngati ndinanamizapo anthu a kunyumba, ngati ndikaluza ndinkabwerera kuti ndibweze zotayika, ngati ndikayesa kusiya ndinkapsa mtima ndi kusowa mtendere. Onse ndinayankha kuti eya. Anandiuza kuti bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limawerengera vuto la juga ngati matenda, m'gulu limodzi ndi zizolowezi zina zomanga munthu. Mawu amenewo sanandichotsere mlandu, koma anandichotsera maganizo oti ndine chitsiru chomwe sichingasinthe.

Anandifunsanso mosazungulira ngati ndinaganizapo zodzipha. Ndinavomera, chifukwa usiku wina ndikuwerenga ngongole maganizo amenewo anabwera. Ngati mukuwerenga izi muli pamenepo, chonde, musadikire kuti kuche. Dzutsani munthu amene muli naye pafupi, muuzeni, mupite kuchipatala. Ngongole imakambidwa, ndaona ndi maso anga.

Chimene ndinaphunzira kwa iye n'chakuti chilakolako chobetcha chimabwera ngati mvula ya mkuntho: chimakula, chimafika pachimake, kenako chimatsika chokha ngati sunachidyetse. Anandiuza kuti ndizilemba nthawi yomwe chabwera. Patatha milungu itatu kope linaonetsa poyera: tsiku lolandira malipiro, Loweruka masana mpira wa ku England ukayamba, ndi usiku uliwonse womwe takangana kunyumba. Ndiye tinakonzeratu. Tsiku la malipiro ndimapita kunyumba molunjika, ndipo timakhala pansi n'kugawa ndalama tonse awiri. Loweruka masana ndimakhala kudimba la alamu anga. Chikandigwira ndili panjira, ndimawaimbira foni n'kungonena kuti, "Alamu, chabwera." Iwo amandicheza za fetereza kapena za maliro a kumudzi mpaka chitadutsa.

M'mwezi wachitatu ndinagwa. Ndinapatsidwa K5,000 ya ganyu ina yomwe kunyumba sankaidziwa, ndinadutsa pa malo obetchera, ndinalowa. Inatha ndisanakhale n'komwe pansi. Kale ndikanathamanga kukakongola kuti ndiibweze, ndipo pofika madzulo ikanakhala K50,000. Tsiku limenelo ndinapita kunyumba n'kunena. Akazi anga anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Mlangizi anangofunsa kuti mpata unali pati, n'kuutseka: ndalama iliyonse ya ganyu tsopano imatumizidwa pa nambala ya akazi anga, ndipo njira yodutsa pamalo aja ndinaisiya ngakhale inayo ndi yotalika.

Mpira sindinautaye, ngakhale miyezi yoyamba ndinaupewa. Posachedwapa ndinamvera pawailesi gemu ya Bullets ndi Wanderers ndili ndi mwana wanga wamwamuna, ndipo ndinazindikira kuti kwa nthawi yaitali sindinkaonera mpira, ndinkaonera tikiti. Mwanayo ali ndi zaka 13. Lamulo limaletsa kubetcha kwa osakwana zaka 18, koma anzake ena kusukulu amakadziwa kale kandege, choncho ndinamuonetsa tsamba loyamba la kope lija n'kumufotokozera kuti njinga yomwe ndinamulonjeza inapita kuti.

Kope likadali m'kabati. Kutsogolo kuli zotayika, kumbuyo kuli ngongole zomwe tikudula imodziimodzi. Ya banki m'khonde inatha, ya katapila inatha. Yatsala K140,000 ya mnzanga wa kutchalitchi, ndipo tinapangana kuti mwezi ukatha ndizimupatsira K20,000 pamaso pa akazi anga.