Za Olivia de Havilland ndi kontrakiti yosatha ija, tsopano ndamvetsa

Mwezi wathunthu ndakhala ndikulimbana ndi asayimenti ya mbiri ya mafilimu, ija yoti aliyense asankhe katswiri mmodzi wa nthawi ya masitudiyo akuluakulu a ku Hollywood n'kulemba za moyo ndi ntchito yake, ndiye usiku wa Lachiwiri lapitali mutu unangotseguka mwadzidzidzi moti ndinadzuka pampando n'kuyamba kuzungulira m'chipinda. Ndikulemba pano zidakali zotentha ndisanaiwale mmene zinayendera.

Ine ndinasankha Olivia de Havilland. Zoti anabadwira ku Tokyo mu 1916, anakulira ku California, sankamwerana madzi ndi mng'ono wake Joan Fontaine yemwenso anali katswiri wa mafilimu, anamwalirira ku Paris mu 2020 ali ndi zaka 104, zimenezo a m'kalasi mukuzidziwa kale, sinditayapo nthawi. Chimene chinkandivuta ine n'chakuti ndikaonera mafilimu ake ndinkaona ngati anthu awiri osiyana. Pali Olivia wa Captain Blood wa 1935 ndi The Adventures of Robin Hood wa 1938, mtsikana wokongola woima pambali kudikira Errol Flynn amalize kumenyana ndi malupanga, ndipo awiriwa anasewera limodzi mafilimu 8, ambiri mwa iwo ntchito yake ili yomweyo basi. Kenako pali Olivia wa The Snake Pit wa 1948, mayi wotsekeredwa m'chipatala cha odwala maganizo, tsitsi lili nyankhalala nkhope yopanda zodzola, ndi wa The Heiress wa 1949 uja amakwera masitepe atanyamula nyale mwamuna akumenya chitseko panja iye osacheuka n'komwe. Poyamba ndinalemba kuti luso lake linakula ndi zaka. Ndinkadziwa ndekha kuti chiganizo chimenecho n'chopanda kanthu, ungachilembe za munthu wina aliyense.

Ndiye Lachiwiri lija ndinasiya laputopu, ndinang'amba mapepala anayi a m'kope n'kuwalumikiza ndi selotepi, ndinajambula mzere wa zaka kuyambira 1935 mpaka 1950, filimu iliyonse pa chaka chake, ndipo pansi pake ndinalemba dzina la kampani imene inapanga filimuyo. Warner Bros., kampani imene anali nayo pa kontrakiti, ndi cholembera chofiira, ena onse chabuluu. Basi zomwezo. Nditamaliza ndinaima n'kuyang'ana pepalalo lili pansi.

Mafilimu onse amene anamufikitsa pa mpikisano wa Oscar anali abuluu. Onse. Gone with the Wind wa 1939, momwe anasewera Melanie, ndi wa kampani ya David O. Selznick, a Warner anangomubwereketsa, ndipo bwana wa kampaniyo Jack Warner poyamba ankakana mpaka Olivia anakadandaula kwa mkazi wake wa bwanayo. Hold Back the Dawn wa 1941 ndi wa Paramount, kubwereketsanso, chaka chimenecho mphoto anatenga mng'ono wake uja. To Each His Own wa 1946 amene anamupatsa Oscar yoyamba, Paramount. The Snake Pit, Fox. The Heiress wa William Wyler, Oscar yachiwiri, Paramount. Kampani imene inali naye m'manja zaka zonsezo sinamupatse ngakhale imodzi mwa ntchito zimenezi. Luso analinalo kalekale, kungoti mwini kontrakiti ndi amene ankasankha kuti dziko lione chiyani. Ndipo pakati penipeni pa pepala langa, cha mu 1944 ndi 1945, panali mpata, pafupifupi popanda filimu, ndipo mpatawo ndiye nkhani yonse.

Mawu oti suspension aja tinawalemba m'manotsi sabata yachiwiri, ine ndinawamva ngati kuimitsidwa pantchito kwa masiku onse, upite kunyumba opanda malipiro ubwere ukafatsa. Ayi ndithu, inali ndi mbola ina. Ukakana sikiriputi, amakuimitsa, malipiro palibe, kukagwira kwina sungathe, ndiyeno masabata amene wakhala pakhomowo amakawaphatikiza kumapeto kwa kontrakiti. Ngati nthawi yoonjezera ya mu mpira, koma rifa wake ndi mwini timu yemweyo, ndiye amene wakugwetsa, ndiyenso wagwira wotchi. Ukamakana kwambiri zinthu zachabechabe, m'pamenenso umadzimangirira nthawi yaitali kwa munthu amene akukupatsa zachabechabezo. Olivia anasayina kontrakiti ya zaka 7 mu 1936, itafika 1943 akuti wamaliza, anamuuza kuti watsala ndi miyezi pafupifupi 6 ya nthawi zimene anakana ntchito.

Bette Davis, katswiri wina wamkazi wa ku Warner, anali atayesapo kale kuthawa kampani yomweyi mu 1936, mlandu unazengedwa ku London, analuza n'kubwerera. Ndiye aliyense ankadziwa kuti a Warner sungawathe. Olivia ndi loya wake Martin Gang sanapite kukhoti kukanena kuti mafilimu amene akundipatsa ndi oipa, anangogwira lamulo la zantchito la ku California, gawo 2855, loti kontrakiti yogwirira munthu ntchito singakakamizidwe kupitirira zaka 7. Funso lonse linali lakuti zaka 7 zake ziti, za pakalendala kapena zimene munthu wagwiradi ntchito? Anasuma mu Ogasiti 1943, anawina, a Warner anachita apilo, mu Disembala 1944 khoti la apilo linanena kuti zaka ndi za pakalendala, wotchi siima. Nthawi yonseyi Jack Warner anali atalembera makampani ena kuti asamulembe ntchito, n'chifukwa chake mpata uja, ndipo Olivia anakhala akuyendera asilikali a America amene anali kunkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndi m'zipatala. Mtsikana wa zaka 27, pa msinkhu umene ochita zisudzo aakazi ankawerengera chaka chilichonse, anavomera kusowa pa sikirini pafupifupi zaka ziwiri osadziwa ngati adzabwererenso. Mpaka pano lamulolo anthu amalitchula ndi dzina lake.

Njira ya pepala ndi zolembera ziwiriyi ndikuuzeni anzanga, ine sindidzawerenganso mbiri ya katswiri aliyense popanda iyo. Mabuku amakuuza nkhani motsatana, wakwatiwa, wasudzulidwa, wakangana ndi mng'ono wake, maso ako amathamangira zimenezo, pomwe pepala limakuonetsa mwini ndalama. Ndikukhulupirira kuti theka la mafunso a kosi imeneyi lingayankhidwe ndi mzere wa zaka ndi mitundu iwiri ya inki. Chenjezo limodzi lokha, lembani chaka chojambulira osati chotulutsira chokha. Devotion inandisokoneza kwa ola lathunthu chifukwa ndi ya Warner koma inatuluka mu 1946, kadontho kofiira pakati pa buluu, kufikira nditapeza kuti anaijambula mlandu usanayambe n'kuisunga zaka zitatu.

Chimene chikundiwawa n'chakuti zimenezi zikanatheka sabata yachiwiri yomweyo. Aphunzitsi athu anathera maphunziro awiri athunthu pa mayina a masitudiyo asanu akuluakulu ndi atatu ang'onoang'ono, ife kumangokopera, koma za kontrakiti anadutsapo ndi silaidi imodzi. Nditafunsa kuti suspension inkagwira bwanji ntchito anangoti zili mu zowerenga, ndipo zowerengazo ndi masamba 60 ojambulidwa mopendekera oti pafoni sungawerenge. Sindikunena kuti sadziwa, amadziwa kwambiri, koma amaphunzitsa ngati tonse tinakula tikuonera mafilimu akuda ndi oyerawa, pomwe ambiri a ife tinakulira mafilimu a ku Nigeria ndi a karate m'mavidiyo sho. Onjezani kuti filimu imodzi kuti uipeze ndi bandulo yathunthu, magetsi akazima laputopu imatha pakati pa filimu, masana ndili kuntchito. The Heiress ndinaionera masiku atatu, zidutswazidutswa, ndipo filimu ngati imene ija siyofunika kuidula choncho, imadalira kuti uone mayiyo akuuma mtima pang'onopang'ono.

Pali pena pamene sindinakhazikike mpaka pano. Mu asayimenti ndalemba kuti mlanduwu unathyola msana wa masitudiyo, koma ndikaliwerenganso ndikuona ngati ndakokomeza chifukwa choti mayiyu ndamukonda. Mu 1948 khoti lalikulu la America linagamula mlandu wa Paramount umene unachititsa kuti makampaniwa asiyane ndi nyumba zawo zoonetsera mafilimu, TV nayo inali ikulowa m'makomo, mwina zimenezo n'zimene zinagwetsadi dongosolo lonse ndipo za Olivia zinangomasula anthu amene anali kale ndi dzina. Ndiye ndimaganizanso za Hattie McDaniel, amene anamupambana Olivia pa Oscar ya Gone with the Wind yomweyo, munthu wakuda woyamba kulandira mphotoyo, koma anapitiriza kupatsidwa mbali za wantchito wa m'nyumba. Iyeyo vuto lake silinali kutalika kwa kontrakiti, ngakhale akanamasuka mawa lake kampani ina ikanamupatsa epuloni yomweyo. Pa pepala langa ndikanamujambula, kaya inki yofiira ndi yabuluu zikanaonetsa kusiyana kulikonse. Ndatsala ndi masiku anayi kuti ndipereke, ndime imeneyi kaya ndiiikemo kaya ikhala ngati ndatuluka mu mutu wa funso, ndikuganizabe.